Mphindi Zinayi za Bambo pa Mpando Wogwedera

Loweruka, 7 Juni

Mphindi zinayi ndi masekondi khumi. Ndiyo nthawi imene Bambo akhala pa mpando asanasanze.

Ndilembe bwinobwino ndisanayambe kudzinamiza. Zaka ziwiri ndakhala ndikumanga mpando umenewu m'galaja. Unali wanga wosewerera: mpando wa galimoto pa felemu lachitsulo, mamota atatu pansi oti uzipendekeka ukakhota kapena ukaponda buleki, chiwongolero, ndi magalasi ovala kumaso aja amene alamu anawatcha chigoba. Ukavala chigobacho galaja imasowa, umangoona uli m'galimoto ya mpikisano. Koma chidwalireni Bambo sitiroko mu Febuluwale, mpando unasanduka wawo. Ndine ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti dokotala wakuletsani msewu, koma uwu sanakuletseni, limbikirani mafizo, zolimbitsa thupi za kuchipatala zija, dzanja lamanzere likayamba kugwira muyendetsa. Miyezi itatu akhala akufinya kampira m'mawa ndi madzulo chifukwa cha mawu amenewo. Munthu woti anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Lero anavala nsapato zopolisha. Mayi, achimwene ndi alamu onse anabwera kudzaonera. Ndinachepetsa mphamvu ya mamota, ndinaika magiya osintha okha, ndinawamanga lamba. Dzanja langa linali pa batani lofiira lozimitsira, maso anga pa milomo yawo, kuopa kuti ingapotoke ngati tsiku lija. Pokhota pachitatu anayamba thukuta. Pachisanu anati, "Imitsa." Chidebe sichinafike msanga.

Mayi akuwapukuta nsapato, iwo anangoti, "Ngakhale ya chidole yandikana." Sanandiyang'ane.

Mayi akuti chinthu chimenechi chisadzawakhudzenso. Achimwene akuti anandiuza kale. Anandiuza chiyani, sindikudziwa, amandiuza zambiri.

Vutoli si mutu wa Bambo. Ndikukana.

Lamlungu, 8 Juni

Kampira kali pa windo. Sanakakhudze. Mayi atawakumbutsa anayankha kuti, "Ndifinyire chiyani?"

Lolemba, 9 Juni

Kuntchito ndakonza makina awiri oyezera magazi ndi bedi limodzi lokana kukwera. Pa bedilo ndinaiwala kulembapo tsiku, ndinabwerera. Sindinaiwalepo chiyambireni.

Masana ndinakumana ndi mayi wa mafizo pakhonde. Akuti dzanja ngati la Bambo likakhala masabata awiri osagwiritsidwa ntchito limayamba kuuma, zala zimapindikira mkati, ndipo kuzibweza ndi nkhondo. Ndinafunsa ngati mpando ungawavulaze. Akuti pa mphamvu yochepa, mphindi khumi, ayi, bola kuthamanga kwa magazi kuli bwino. Ndinamupempha kuti andilembere papepala. Anandiyang'ana, kenako analemba.

Nditaweruka ndinakwera ndekha mphindi makumi anayi, msewu womwewo, mphamvu yomweyo. Palibe vuto. Ndiye ndinatsegula fayilo imene kompyuta imasungamo zonse za ulendo wa Loweruka.

Ndijambule monga mmene ndimachitira makina akandizunguza. Pakhoma pali timabokosi tiwiri, ngodya iyi ndi iyo, mamita awiri ndi masentimita makumi awiri kuchokera pansi. Alonda anga. Ntchito yawo ndi kuthandiza kompyuta kudziwa pamene pali chigoba. Koma alonda sadziwa kusiyanitsa munthu amene wagwedeza mutu yekha ndi munthu amene wagwedezedwa ndi mpando. N'chifukwa chake kuseri kwa chotsamira mutu ndinamangapo kasensa kakang'ono, nkhupakupa yanga. Iyo imayenda ndi mpando, ndipo kompyuta imachotsera: mutu wasuntha chonchi, mpando wasuntha chonchi, chotsala ndi cha munthu. Nkhupakupa ikasowa, palibe chochotsera. Ukaponda buleki nkhope imakalowa pagalasi lakutsogolo, ukakhota mutu umatulukira pachitseko. Maso akunena zina, thupi likunena zina. Aliyense angasanze.

Fayilo ikuti nkhupakupa inasowa masekondi makumi anayi tisanayambe, n'kubweranso titamaliza. Ulendo wonse Bambo anayenda popanda iyo. Ndipo pulogalamuyo sinalire ngakhale kamodzi.

Batire inali yodzaza. Waya ali bwino. Mabawuti ndawayesa onse anayi. Ndiye inasowa bwanji?

Ndinauza achimwene pafoni, iwo amene amanditcha a Koleji. Akuti, "Vuto lako iwe a Koleji, umazungulira. Chotsa alondawo pakhoma, uwamange pa mpando pomwepo. Aziyendera limodzi. Basi, palibenso zochotsera." Ndinawauza kuti mkati mwa alonda muli timamota tozungulira mofulumira kwambiri, tosafuna kugwedezedwa. Akuti anaona pa intaneti munthu atachita choncho. Ndinati munthuyo sindikumudziwa. Akuti nanenso intaneti sikundidziwa.

Lachiwiri, 10 Juni



Ndafika kunyumba ndapeza fungo la kuwotcherera mpaka pageti. Achimwene anabwera ndili kuntchito, Mayi anawatsegulira. Azula alonda anga pakhoma, pamalo amene ndinayeza masiku atatu ndi tepi ndi levulo, awotcherera mikono iwiri yachitsulo kutsogolo kwa felemu ngati nyanga za ng'ombe, n'kuwamanga pamenepo. Pakhoma pangotsala mabowo ndi mizere yanga ya pensulo.

Anaima pambali manja m'thumba, kudikira kuthokozedwa.

Sindinakuwe. Ndinangoti, "Kwerani."

"Kwera iwe, ndi zako."

"Mwakonza ndinu. Kwerani, achimwene."

Anakwera. Ndinkaonera pa sikirini zimene iwo ankaona. Mamota atangoyamba, chithunzi chonse chinayamba kunjenjemera ngati madzi a m'beseni, kenako chinkazima n'kuyera mbee, kenako n'kubwera chitapendekeka. Alonda anayamba kulira kaphokoso kamene sindinakamvepo. Ndinazimitsa pa mphindi imodzi ndi theka, osati chifukwa cha iwo, chifukwa cha alonda.

Atavula chigoba anati, "Zili bwinobwino, kungofunika kulimbitsa." Kenako anati akukaona ngati anatseka galimoto. Anakhalitsa kuseri kwa nyumba. Ndinamva mpopi ukutsegulidwa.

Ndabweza alonda pakhoma ndekha. Mizere ya pensulo yandipulumutsa. Wakumanzere akugwira ntchito, wakumanja ndamuyesa kasanu, akuoneka kuti wapirira. Nyangazo ndati azidule mawa, apo ayi ndizidula ndi sowo ndekha ngakhale zinditengere sabata.

Mayi pa chakudya: "Inu awiri mukulimbirana chidole, bambo anu ali chigonere." Ndinati si chidole. Anati, "Nanga n'chiyani?" Ndinapitiriza kudya.

Lachitatu, 11 Juni

Achimwene adula nyanga. Sitinalankhulane. Kampira tsiku lachinayi pa windo.

Lachinayi, 12 Juni

Alamu anandipeza pa nthawi yopuma, anabwera kuchipatala kudzatenga mankhwala a Bambo. Anati ali ndi vidiyo ya Loweruka pafoni, akufuna kuifufuta chifukwa ikuwamvetsa chisoni, kapena ndikufuna kuiona kaye? Ndinatsala pang'ono kuwalanda foniyo.

Ndinaionera titaima pafupi ndi zenera la mankhwala. Bambo akulowa ndi ndodo. Ine ndagwada, ndikukonza zopondera. Iwo akupereka ndodo kwa Mayi, akuvula jekete ndi dzanja limodzi, akulikutumula kamodzi, akulikoleka kuseri kwa mpando. Pa nkhupakupa penipeni. Kolala yakhala bwinobwino ngati inasokedwera pamenepo.

Ndinabweza kanayi. Alamu anafunsa ngati ndili bwino.

Chondipweteka n'chakuti jeketelo ndinaliona. Linalendewera pamaso panga mphindi zinayi zonse. Koma jekete la Bambo kuseri kwa mpando wa dalaivala ndi ngati chitseko pakhomo, sulifunsa kuti likufuna chiyani. Ndili mwana, lole ikaima pakhomo, ndinkakwera n'kukaika nkhope m'jeketemo, linkanunkhira dizilo ndi sopo. Sanayendetsepo atavala jekete, ankati limamanga mapewa. Ine ndinayeza kuwala kwa pawindo, ndinaphimba galasi la kabati kuti lisasokoneze alonda, ndinalemba mndandanda wa zinthu khumi ndi zisanu ndi ziwiri zoyenera kuona tisanayambe. Ndinayeza zonse ndi thupi langa, la munthu amene amakwera atavala malaya a ntchito. Dalaivalayo sindinamuyeze.

Madzulo ndinatumizira achimwene vidiyoyo popanda mawu. Anaimba okha. Anaseka kaye nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye zatha. Uwauze madala asiye jekete kuchipinda."

Ayi. Chiyambire Febuluwale munthuyu akungouzidwa. Musadye mchere, musatseke chitseko cha bafa, musatuluke nokha, musagwire makiyi. Sindiwonjezerapo lamulo lina chifukwa cha kulakwitsa kwanga. Jekete likhala pamene limakhala. Isamuke ndi nkhupakupa.

Koma ikapite kuti? Iyenera kukhala pafupi ndi mutu, apo ayi kuchotsera kumalakwika. Iyenera kuonedwa ndi alonda onse awiri ngakhale mpando utapendekeka mpaka mapeto. Pansi pa mpando siioneka. Pambali, phewa liitchinga. Chatsala ndi pamwamba pa mutu, masentimita khumi ndi asanu, pa kamtengo kachitsulo. Koma kamtengo kakakhala kowonda kazinjenjemera, ndipo kunjenjemerako kuzilowa m'maso mwa Bambo. Kayenera kulimba ngati mbali ya felemu, ndi zogwiriziza ziwiri.

Kutanthauza kuwotcherera. Kutanthauza achimwene.

Ndinati, "Ndikufuna thandizo lanu."

Anati, "Bwereza, foni ikudukaduka."

Sinkaduka. Ndinabwereza.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinapempha theka la tsiku. Achimwene anabwera ndi makina awo. Chojambula changa anachiyang'ana mozondotsa dala, kenako anati zogwiriziza zanga n'zazifupi, zikhala zikulira, azitalikitsa zifike pa chitsulo cham'munsi. Ndinawerengera pa pepala. Akunena zoona. Ndinawauza. Anati ndilembe tsikuli m'buku langa lija. Ndalemba.

Kamtengo kaima nji. Ndinakamenya ndi chikhatho mamota akuyenda, manambala sanasunthe kuposa milimita imodzi. Pamalo akale a nkhupakupa achimwene awotchererapo ngowe yeniyeni, yopindika bwino, aipala kuti isang'ambe nsalu. Imeneyo sinali pa chojambula.

Ndayesa ndi jekete la ntchito la achimwene. Ndayesa ndi bulangete. Ndayesa nditakweza manja onse, nditawerama pa chiwongolero ngati mmene Bambo amakhalira. Nkhupakupa sinasowe ngakhale sekondi imodzi. Ndalembanso kapulogalamu koti ikangosowa, mamota aime okha ndipo belu lilire. Ndikanachita zimenezi chaka chatha.

Mayi anandipeza ndikusesa zinyenyeswa za chitsulo. Anatseka chitseko cha galaja, chinthu chimene sachita.

"Ukufuna kuwayesanso."

"Eya."

"Unawaona nkhope Loweruka? Ine ndi amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Iwe ukalephera umakonza waya. Iwo akalephera kachiwiri, ndiwadzutsa ndi chiyani?"

Ndinawapatsa pepala la mayi wa mafizo. Sanaliwerenge, anangolipinda. Ndinati, "Mayi, panopa akukhulupirira bodza. Akuganiza kuti mutu wawo unatha. Bodzalo ndinawapatsa ndine, ndipo sindiwasiya nalo."

Anati, "Mwana iwe uli ndi liuma ngati iwo omwe." Potuluka anasiya chitseko chotsegula. Sindikudziwa ngati ndi chilolezo. Sindifunsa.

Mantha alipo. Bwanji ngati jekete linali theka chabe la vuto? Bwanji ngati sitiroko inakhudzadi za m'khutu zimene zimathandiza munthu kusazunguzika? Fayilo singandiuze zimenezo.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa ndinalowa kuchipinda kwa Bambo ndi foni ya alamu. Anali atakhala pabedi, dzanja lamanzere pa ntchafu, zala ziwiri zomalizira zitayamba kale kupinda. Ndinagwada pambali, ndinawauza zonse mwadongosolo, alonda, nkhupakupa, kuchotsera. Anamvetsera ngati akumva nyengo pa wailesi. Kenako ndinawaonetsa vidiyo.

Anaonera kawiri. Anati, "Kachinthu kaja si kokolekapo jekete?"

Ndinati ayi, Bambo, ndi sensa.

"Ine ndinati mwanayu amaganiza. Mpaka pokoleka jekete waika."

Ndinafuna kulira, m'malo mwake ndinati tsopano ngowe ilipo.

"Ndiye walakwa ndi jekete."

"Ndalakwa ndine."

Anandibwezera foni. "Ukundisangalatsa chabe. Inu nonse mumandilankhula ngati dzira. Mnyamata wabwinobwino sakanasanza." Ndipo anagona, nkhope kukhoma.

Ndinakawauza achimwene, amene ankadikira pakhonde. Anakanda mutu, anayang'ana kumwamba, anati, "Tenga chidebe chachikulu chija." Kenako anapita pawindo la Bambo n'kunena mokweza kuti iwo sanadwalepo sitiroko, ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, anadya bwino m'mawa, ndipo akukakwera chidole cha a Koleji sensa itaphimbidwa, amene akufuna kuona mwamuna weniweni abwere.

Ndinazimitsa kapulogalamu koimitsa mamota. Ndinaveka nkhupakupa chipewa cha achimwene. Mphamvu yomwe ija, msewu womwe uja. Titayamba, ndinamva ndodo pa simenti. Sindinatembenuke.

Pokhota poyamba achimwene ankaimba nyimbo. Pachiwiri anasiya. Pachitatu anati, "Chitsekochi chikundidutsa m'mutu." Anafika mphindi ziwiri ndi masekondi makumi asanu.

Kumbuyo kwanga mawu anati, "Zingati?"

Ndinawauza.

"Ine zinali zingati?"

"Zinayi ndi khumi."

Achimwene anali akulimbanabe ndi chidebe chawo. Kenako Bambo anati, "Uyu kuyambira ali mwana. Tikangodutsa mlatho woyamba, pepala lapulasitiki." Ndipo anaseka, mbali imodzi ya pakamwa, koma anaseka. Achimwene ali chiweramire anakweza chala chachikulu.

Bambo sanakwere. Anayang'ana ngowe, anaigwedeza ndi dzanja lamanja kuona ngati yalimba, anabwerera m'nyumba. Kampira sanakakhudze.

Lamlungu, 15 Juni

Palibe. Ndayesa mabawuti onse kawiri popanda chifukwa.

Lolemba, 16 Juni

Ndinali nditavala kale za kuntchito, chikwama paphewa, pamene Mayi anati, "Akukufuna ku galaja." Ndinaimbira abwana kuti ndichedwa. Sindinapemphe, ndinangowauza.

Bambo ndinawapeza atakhala kale pa mpando. Anakwera okha, sindikudziwa bwanji, ndipo sindikufuna kudziwa. Mayi anaima pakhomo ndi chidebe kumbuyo, ngati sitikuchiona. Ndinawayeza kuthamanga kwa magazi, kuli bwino. Mndandanda wanga tsopano uli ndi zinthu khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinayamba kuwerenga, anati, "Ukamaliza kalata yakoyo undidzutse." Ndinamalizabe.

Ananyamuka pang'onopang'ono. Galimoto yoti imathamanga makilomita mazana atatu pa ola, iwo makumi asanu, mbali yawo ya msewu, pokhota paliponse kutsegula kwambiri ngati akukoka ngolo. Magalimoto a kompyuta ankawadutsa ngati mavu. Mmodzi anawadula kutsogolo, iwo anati, "Laisensi anakupatsa ndani iwe?"

Maso anga anali pa nambala ya nkhupakupa. Yobiriwira. Mphindi zinayi zinadutsa, sindinanene. Zisanu ndi chimodzi. Pamphumi pouma. Ndinamva Mayi akuika chidebe pansi.

Pa mphindi zisanu ndi ziwiri anapatuka, anaimika galimoto pambali pa msewu bwinobwino. Ndinati, "Chizungulire?"

"Magiyawa akusintha ndani?"

Ndinati kompyuta.

"Ichotse. Imachedwa."

Ndodo ya giya ili kumanzere, ndinaimanga kale kwambiri, molingana ndi mkono wanga. Ndinayang'ana Mayi. Mayi anayang'ana denga. Ndinachotsa magiya osintha okha.

Munthu akavala chigoba saona dzanja lake. Bambo anachotsa lamanzere pa ntchafu, linanyamuka monjenjemera, linapita, linagwira mphepo. Linagwa. Anayesanso, zala zinakhudza mutu wa giya n'kutsetsereka. Anatukwana mawu amene sindingalembe, Mayi anati "abambo" motsitsa. Ndinaona kuti giyayo yawatalikira ndi masentimita asanu okha, mabawuti awiri, ntchito ya mphindi imodzi. Ndinatola sipanala pa benchi.

"Ndamva chitsulo," anatero, nkhope ili kumsewu umene ine sindinkauona. "Usaikhudze."

Ndinaima ndi sipanala m'manja. Dzanja linanyamukanso.